Kudzazanso zipolopolo za volovolo: poyambira pake ndi pamene ambiri amavulalira

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi, wina pa Katoto, wina ku tchalitchi, wina anachita kundilondola mpaka kunyumba ku Chiputula. "Ankolo, paja inu munkapanga nokha zipolopolo muli ku Joni, tatiphunzitseni." Onsewa amakhala ataonera timavidiyo pa YouTube, mzungu akukoka chogwirira cha makina, zipolopolo zikugwera m'kabokosi ngati mbuliwuli, ndiye amaganiza kuti nkhani yonse ndi makinawo. Ndatopa kufotokoza ndili chiimire pamsewu ndiye ndalemba pano kamodzi. Ndinaphunzira zimenezi ku kilabu ya owombera chandamale ku South Africa komwe ndinakhala zaka zambiri, ndipo ndikunena za mfuti zazing'ono zokha, makamaka za saizi ya 9mm ndi .38 Special. Mulingo wa wonga simuupeza muno, ndasiya dala, chifukwa chake muchiona pa nambala 3.

1. Yambirani ku polisi, osati ku shopu

Apa ndipamene anyamata ambiri nkhope zimagwa koma palibe njira ina. Kuno kwathu mfuti ndi zipolopolo zili pansi pa Firearms Act, Cap 14:08. Kupezeka ndi chipolopolo ngakhale chimodzi m'thumba mulibe chilolezo ndi mlandu kale, simukufunika kukhala ndi mfuti kuti akumangeni. Laisensi ya mfuti imadzera ku polisi mpaka kwa Registrar of Firearms ndipo imafunika kuikonzanso chaka ndi chaka. Komanso mvetsani ichi, pepala lokulolani kusunga mfuti si pepala lokulolani kupanga zipolopolo, ndi nkhani ziwiri zosiyana. Pitani nokha mukafunse, ofesi ya polisi ya chigawo cha kumpoto ili mom'muno mu Mzuzu, ndipo yankho lililonse likhale lolembedwa ndi chidindo. Zoti "bwana wina anandiuza kuti palibe vuto" kukhoti sizithandiza. Akakana, nkhani yathera pomwepo, werengani zotsalazi kungofuna kudziwa basi.

Amene mavidiyo awo mumaonerawo ali pansi pa malamulo ena. Ku South Africa, Firearms Control Act ya 2000 imalola munthu wa laisensi kudzaza zipolopolo za mfuti yake yomweyo, koma nakonso pali malire, mwachitsanzo mapraima, timabatani toyatsa wonga, osaposa 2,400 pa mfuti iliyonse yomwe uli nayo laisensi. Abale athu ambiri akuno kumpoto ali ku Joni, ndiye ena mwa inu mudzayambira kumeneko. Chomwe ndikupempha, musatume m'bale kuti akuikireni wonga kapena mapraima m'chikwama pa basi. Pa boda ya Mwanza kapena Dedza akamugwira womangidwa ndi iye, ndiponso mwaika pangozi anthu onse okwera basiyo.

Ndipo musasokoneze ntchitoyi ndi za mfuti za gogodera zomwe opha nyama mozemba amalowa nazo ku Vwaza ndi ku Nyika. Zija ndi zina, ndi mlandu, ndipo zadula zala anthu ambiri.

2. Dziwani zidutswa zinayi ndi mayina ake

Chomwe tonse timangoti chipolopolo chili ndi zinthu zinayi. Pali chigoba, chija chachikasu chimagwa pansi mfuti ikalira, nthawi zambiri chimakhala cha brass, kutanthauza kopa wosakaniza ndi zinki. Pali praima, kabatani kakang'ono kali pansi pa chigoba kamene kakamenyedwa kamatulutsa moto. Pali wonga. Kenako mutu, umene umauluka, wa mtovu wokha kapena mtovu wokutidwa ndi kopa. Mukawombera, zitatu zimatha, chigoba chokha ndicho chimatsala, ndipo kudzazanso ndi kuchibwezera zitatu zija. Basi.

Si chigoba chilichonse chimadzazika. Za .22 zija moto wake uli m'mphepete, zisiyeni. Zachitsulo ndi za aluminiyamu zisiyeninso, maginito akakoka chigoba ndiye kuti ndi chachitsulo. Kenako unikani m'kati ndi tochi: mukaona bowo limodzi pakati chimenecho ndi cha mtundu wa Boxer, ndicho tikufuna. Mukaona timabowo tiwiri m'mbali ndi Berdan, chimathyola kapini ka makina anu tsiku loyamba lomwe.

Mawu ena oti muwazolowere ndi "grain". Wonga sitiyeza ndi magalamu, timayeza ndi ma grain, ndipo galamu imodzi muli ma grain opitirira pang'ono 15. Wonga wa chipolopolo chimodzi cha 9mm kapena .38 kawirikawiri sufika ndi theka la galamu lomwe. Sungani zimenezi m'mutu, tizifuna kutsogoloku.

3. Buku kaye, makina pambuyo

Gulani buku la milingo musanagule china chilichonse. Lyman, Hornady, Lee, makampani onsewa ali ndi mabuku awo, ndipo opanga wonga nawonso amatulutsa milingo yawo, ngati wa Somchem uja timagwiritsa ntchito ku South Africa uli ndi mndandanda wakewake. M'bukumo mzere uliwonse umatchula mtundu wa wonga, kulemera ndi mtundu wa mutu, praima, kutalika kwa chipolopolo chikatha, mulingo woyambira ndi mulingo womaliza. Zonsezo zimayendera limodzi ngati mankhwala a kuchipatala. Mukasintha chimodzi, kaya mutu, kaya wonga, mwachoka pa mzere umenewo, yambiraninso pa mulingo woyambira.

Ndi chifukwa chake sindipereka nambala. Munthu akakupatsani mulingo pa WhatsApp simudziwa ngati chala chinaterereka pa foni, simudziwa mutu womwe ankagwiritsa ntchito. Opanga mabuku aja anayeza ndi makina oyezera mphamvu, mnzanuyo anangoona kuti mfuti yalira. Werengani mitu yoyambirira ya bukulo kawiri konse musanakhudze chida, ndipo ngati kuli kotheka khalani pambali pa munthu wodziwa ntchito masiku angapo muzingoyang'ana.

4. Zida

Puresi, makina aja okoka chogwirira, yoyambira ikhale ija yogwira ntchito imodzi nthawi imodzi, amati single stage, monga RCBS Rock Chucker kapena ya Lee. Zija za Dillon zotulutsa chipolopolo pa kukoka kulikonse n'zabwino koma si za woyamba, pamachitika zinthu zinayi kapena zisanu nthawi imodzi ndipo maso anu sanaphunzire poyang'ana. Mufunika ma die a saizi yanu, tizitsulo tozungulira tomangirira pamwamba pa puresi, tengani a chitsulo cholimba chotchedwa carbide kuti musavutike ndi kudzoza mafuta zigoba. Mufunikanso chogwirira chigoba, choikira mapraima, kafanelo, caliper yoyezera kutalika, thabwa la mabowo loimikamo zigoba, kahamala kochotsera mutu mukalakwitsa, ndi magalasi oteteza maso.

Sikelo ndiye musaumire ndalama. Iyenera kuwerenga mpaka 0.1 grain. Tisikelo tija timagulitsidwa m'tauni towerenga 0.1 galamu sitingathandize, chifukwa 0.1 galamu ndi pafupifupi grain imodzi ndi theka, ndipo pa wonga wa volovolo kusiyana kwa mulingo woyambira ndi womaliza nthawi zambiri sikufika n'komwe pamenepo. Ine ndimakonda sikelo ya mkono yopanda batire, magetsi athime asathime imawerenga chimodzimodzi. Ya batire ikayamba kufooka imanama osakuuzani. Iliyonse yomwe mwasankha, khalani ndi timiyala toyesera sikelo ndipo muziyesa musanayambe tsiku lililonse.

Za kupulumutsa ndalama iwalani kaye. Zida zokhazi zimadya ndalama yoti mukadagula zipolopolo zambirimbiri za m'bokosi, ndipo aliyense amene ndikumudziwa atayamba kudzaza anangoyamba kuwombera kwambiri. Amene amakhalitsa pa ntchitoyi ndi okonda ntchito ya manja yofuna kudekha.

5. Malo

Tebulo lolimba lomangirira kukhoma, kowala bwino, chipinda chokiyika. Mbaula, kandulo, fodya, zonsezi kutali. Kuno ku Mzuzu ndikudziwa Juni ndi Julaye kumazizira zedi ndipo mbaula imalowa m'nyumba, koma osati m'chipinda chimenechi. Vuto lathu lina ndi chinyezi, mvula yakuno mukuidziwa, ma die amachita dzimbiri msanga ndiye apukuteni ndi kansalu ka mafuta mukamaliza. Wonga ukhale m'botolo lake lomwe unabwera nalo, lotsekedwa bwino, mapraima m'timapaketi tawo, ziwirizi zisungidwe kosiyana. Osakhuthulira mapraima m'botolo limodzi, imodzi ikaphulika zimatengerana zonse.

Mapraima ambiri ali ndi mtovu, ndipo fumbi lochokera ku zigoba zakale lilinso ndi mtovu. Ana ndi amayi oyembekezera asalowe, osadyera pa tebulolo, ndipo sambani m'manja ndi sopo musanakhudze nsima.

6. Kusankha ndi kutsuka zigoba

Yambani ndi zigoba zanu zomwe, zochokera m'bokosi lomwe munagula ndi kuwombera nokha, chifukwa mukudziwa mbiri yake. Zotola kutchire kapena zomwe wina wabwera nazo kuchokera kwa asilikali musazikhudze n'komwe, mudzalephera kufotokoza komwe munazitenga. Tsukani, ziume bwinobwino mpaka m'kabowo ka praima, kenako chimodzichimodzi m'manja: chong'ambika kukamwa, chotupa pansi, chopindika, tayani osadandaula. Werenganinso zolembedwa pansi pake. Cha .380 chimafanana kwambiri ndi cha 9mm koma ndi chachifupi, ndipo chimalowerera mosavuta.

7. Kubwezera saizi ndi kutsegula kukamwa

Chigoba chikawomberedwa chimafufuma pang'ono. Die yoyamba imachifinya kubwerera pa saizi yake ndipo nthawi yomweyo imakankha praima yakale. Die yachiwiri imatsegula kukamwa kuti mutu ukhazikike. Tsegulani pang'ono chabe, pongokwana kuti mutu uime wokha osagwa. Mukapitiriza muyezo, kukamwa kumang'ambika msanga ndipo mutu sugwirika bwino. Chitani zigoba zonse pa die imodzi, kenako musinthe die.

8. Praima

Valani magalasi. 9mm ndi .38 Special zonse zimalowa praima ya saizi yotchedwa small pistol, koma onani zomwe buku lanena. Kankhani pang'onopang'ono mpaka mumve kuti yafika pansi, ndipo mukapititsa chala ikhale yolowa pang'ono kapena yofanana ndi pansi pa chigoba, isatulukire kunja. Ikakana kulowa musaikakamize, siyani muone chavuta n'chiyani. Manja akhale ouma opanda mafuta.

9. Wonga, ndipo apa khalani pansi

Mavidiyo ambiri pamenepa amadutsa mphindi imodzi, koma mfuti zambiri zomwe zinaphulika chifukwa cha zipolopolo zodzaza kunyumba zinaphulikira pano. 9mm ikamalira, mphamvu ya m'kati imaloledwa kufika 35,000 psi, muyezo womwe uja timayezera mpweya wa m'tayala. Tayala la galimoto mumapopa 30 kapena 35. Ndiye kuti m'dzanja lanu mukugwira mphamvu yoposa ya tayala kachikwi, ndipo chomwe chikuilamulira ndi kawonga kochepa kosadzaza ndi kasupuni ka tiyi.

Pali zolakwa zitatu zomwe zimavulaza anthu.

Choyamba ndi wonga wolakwika. Mitundu ya wonga imayaka mothamanga mosiyana, wa volovolo umayaka msanga, wa mfuti zazitali umayaka pang'onopang'ono, ndipo ndi maso simungausiyanitse. Mayina ena amachita kufanana manambala. Lamulo langa ndi loti pa tebulo pakhale botolo limodzi lokha, ena onse m'kabati. Werengani dzina pa botolo mokweza, werengani m'buku mokweza. Mukamaliza bwezerani wotsala m'botolo lomwelo tsiku lomwelo. Wonga wopanda dzina, kaya wina wakupatsani m'kajumbo, kaya wachotsedwa m'zipolopolo zina, musaugwiritse ntchito zivute zitani, ndipo osasakaniza mitundu iwiri. Za mitu ya machesi kapena wonga wa makombola a Khirisimasi sindifuna n'kumva komwe.

Chachiwiri ndi kuthira kawiri m'chigoba chimodzi. Apa .38 Special ndiye yoopsa, ngakhale ambiri amaitenga ngati yofatsa poti mphamvu yake ndi 17,000 psi basi. Inapangidwa mu 1898 nthawi ya wonga wakuda umene unkafuna malo ambiri, ndiye chigoba chake ndi chachitali, pomwe wonga wa masiku ano umangokhala pansi penipeni. Mutha kuthira kawiri, mwina katatu, osasefukira, mutu n'kukhala bwinobwino, chipolopolo n'kumaoneka ngati zinzake. Ndinaonapo ndi maso anga ku kilabu volovolo itang'ambika pamwamba, chitsulo chitapindikira m'mwamba ngati chitini. Mwiniwake anali wazaka zambiri pa ntchitoyi, foni inalira ali pakati pothira, atabwerera anayambira pa chigoba chomwe anali atathira kale. Dzanja analipulumutsa koma chala chimodzi sichinapindikenso.

Chachitatu ndi kuiwala kuthira. Praima yokha ili ndi mphamvu yokankha mutu kulowa mumpope n'kukakamira pakati. Chipolopolo chimenecho pachokha sichivulaza, chovulaza ndi chotsatira chomwe chikapeza njira yotsekeka.

Ndiye ndimachita chonchi, ndipo sindinasinthepo. Zigoba zopanda wonga zimakhala kumanzere, zozondotsa kukamwa pansi, chifukwa chigoba chozondoka sichingakhale ndi wonga. Ndimatenga chimodzi, ndimayeza wonga pa sikelo, ndimathira ndi fanelo, ndimachiimika m'thabwa la kumanja. Chimodzi, osati ziwiri m'manja. Pa mazana angapo oyamba yezani wonga wa chigoba chilichonse pa sikelo, kachipangizo kothira kokha mudzakakhulupirira pambuyo, ndipo ngakhale pamenepo muziyeza cha nambala 10 chilichonse. Sikelo isakhale pa mphepo, tsekani zenera, kamphepo kakang'ono kamasuntha muyezo.

Thabwa likadzaza, imirirani, tengani tochi, unikani chigoba chilichonse mzere ndi mzere ngati mukuwerenga ana pa asembule. Wonga uoneke pa msinkhu umodzi m'zonse. China chikaoneka chokwera kapena chotsika, khuthulani muyezenso, musaganizire. Izi zimatenga mwina mphindi imodzi ndipo ndi mphindi yomwe anthu amayamba kuidumpha akazolowera, makamaka pakatha miyezi ingapo chilichonse chikuyenda bwino.

Foni ikhale kunja. Wailesi ya mpira izimitsidwe. Mwamwako ngakhale botolo limodzi, mwakangana ndi akunyumba, mwatopa, tsiku limenelo tsukani zigoba basi. Wina akagogoda, malizani chigoba chili m'manja, ndipo pobwera muyambe ndi tochi musanathire china. Mukakayika ngakhale pang'ono, khuthulani thabwa lonse muyambirenso, mwataya mphindi 20 zokha. Ndipo nthawi zonse yambirani pa mulingo woyambira wa m'buku. Pepala la chandamale limabooka chimodzimodzi, palibe chifukwa chothamangira mulingo womaliza.

10. Kukhazika mutu

Musanayambe zenizeni pangani chimodzi chopanda praima ndi wonga, mukonzere die pa chimenecho. Yezani kutalika ndi caliper kufanane ndi komwe buku lanena pa mutu umenewo. Kwa 9mm malire ake ndi 29.69 mm, koma mitu yambiri imakhala yofupikirapo, buku ndilo likuuzani. Chofunika kumvetsa ndi choti mutu ukalowa kwambiri, malo a wonga amachepa ndipo mphamvu imakwera, ndipo m'kachigoba kakang'ono ka 9mm imakwera msanga kwambiri.

Kenako kufinya kukamwa, amati crimp. Pa 9mm mumangobweza kukamwa kuja munatsegula kuti kuwongoke, osapindira m'kati, chifukwa chipolopolo cha 9mm chimaima ndi mlomo wa chigoba chikalowa mu mfuti. Pa .38 ya volovolo ya gudumu mlomo umapindira m'kangalande ka pa mutu kuti mitu ya zinzake isasolokere kutsogolo mfuti ikagwedeza. Mukatha, kankhani mutu ndi chala chachikulu pa thabwa, muyezenso, ngati walowa ndiye kuti sunagwirike, chotsani. Pa 9mm, mfuti ilibe kanthu ndipo mwaimasula, tengani mpope wokha mugwetseremo chipolopolo, chilowe chokha n'kugwa chokha mukazondotsa.

11. Lembani, kenako kayeseni pang'ono

Pangani 10 zokha poyamba, osati 200. Pa bokosi lembani tsiku, dzina la wonga, mulingo, mutu, praima ndi kutalika, ndipo zomwezo muzilembenso m'kope. Chipolopolo chopanda kapepala pakatha miyezi 6 simungachikumbukire. Zanu ndi zanu, musagawire kapena kugulitsa kwa munthu, ndipo inunso musawombere zodzaza wina.

Kayesereni pa malo ovomerezeka owomberapo, osati kudimba kapena m'nkhalango ya Chikangawa, mutavala magalasi ndi zotseka m'makutu. Womberani chimodzi, imani, tolani chigoba muchiyang'ane. Praima yophwatalala kapena yobooka, chigoba chotupa, chigoba chokakamira potuluka, mfuti kukankha kuposa za m'bokosi, zonsezi zikuti lekani, zotsalazo mukazimasule kunyumba ndi kahamala kaja. Ndipo mukamva kulira kofooka, kungoti "phu" m'malo mwa kulira kwake, kapena mfuti osagwedeza, chotsani chala pomwepo. Mfuti iloze kutsogolo, dikirani masekondi 30, chotsani zipolopolo zonse, kenako mulowetse kandodo mumpope muone ngati katulukira mbali inayo musanaikemo china.